Carpathia: sitima ya osamuka kwawo imene inatchuka ndi usiku umodzi

Amene anamvapo dzina loti Carpathia analimvera pa nkhani ya Titanic. Carpathia ndi sitima ya pamadzi imene inafika m'bandakucha wa pa 15 Epulo 1912, Titanic itamira, n'kutola anthu oposa 700 amene ankayandama m'mabwato pakati pa nyanja ya Atlantic. Kuchokera pamene inamva kulira kwa Titanic mpaka pamene inatsitsa opulumukawo ku New York panapita masiku anayi okha. Koma sitimayi inagwira ntchito zaka 15, kuyambira 1903 mpaka 1918, ndipo munthu sangamvetse bwino zimene inachita usiku uja ngati sadziwa kuti inali sitima yotani, inkanyamula ndani, ndiponso ndalama zake zinkachokera kuti.

Mwini wake anali kampani ya Cunard ya ku Liverpool, imene Samuel Cunard, munthu wa ku Halifax m'dziko la Canada, anaiyambitsa mu 1840 kuti izinyamula makalata pakati pa Britain ndi America. Pofika 1900 kampaniyi inali itapanikizika mbali zonse. Ajeremani anali atabwera ndi mphamvu. Kampani za Hamburg America ndi Norddeutscher Lloyd zinkamanga sitima zikuluzikulu, ndipo ya Kaiser Wilhelm der Grosse, imene inayamba kuyenda mu 1897, inalanda ulemu wa liwiro umene Angerezi ankauyesa wawo. Mu 1902 mponda matiki wa ku America, J. P. Morgan, anasonkhanitsa makampani angapo a sitima pansi pa International Mercantile Marine, n'kugulanso White Star Line, mnzake wa Cunard wopikisana naye. Boma la Britain linachita mantha kuti sitima zonse zazikulu zigwera m'manja mwa alendo, choncho linabwereketsa Cunard mapaundi 2.6 miliyoni kuti imange Lusitania ndi Mauretania, sitima zothamanga zimene zinayamba ntchito mu 1907.

Liwiro limadya ndalama. Sitima za nthawiyo zinkayendera nthunzi, ndipo nthunziyo inkachokera ku malasha. Kuonjezera liwiro pang'ono pokha kunkafuna malasha ochuluka koopsa. Mauretania ikamathamanga inkatentha matani pafupifupi 1,000 pa tsiku. Sitima zotere zinkabweretsa mbiri, anthu olemera ndi makalata a boma, koma phindu lodalirika linali kwina, kwa anthu wamba amene ankasamuka ku Ulaya kupita ku America m'mazana a zikwi chaka chilichonse. Wosamuka kwawo safunsa za liwiro, amafunsa mtengo wa tikiti. N'chifukwa chake Cunard inamanga sitima zitatu zoyenda mwachifatse koma zamimba yaikulu: Ivernia, Saxonia, kenako Carpathia, imene inali yocheperapo pa zitatuzi.

Inamangidwa ku Wallsend, m'mphepete mwa mtsinje wa Tyne pafupi ndi Newcastle, ndi kampani ya C. S. Swan & Hunter. Anaitsitsira m'madzi pa 6 Ogasiti 1902, ndipo ulendo wake woyamba unali wa pa 5 Meyi 1903, kuchoka ku Liverpool kupita ku Boston. Inali yotalika mamita pafupifupi 170, ya matani 13,555 pa muyeso wa kukula kwa sitima, ndipo inali ndi chumuni chimodzi chachitali chofiira, chakuda kumutu, monga mwa mwambo wa Cunard. Injini zake ziwiri zinkagwiritsa ntchito nthunzi imodzimodziyo kanayi: ikakankha m'silinda yaing'ono inkapita mu yokulirapo, kenako ina, mpaka yachinayi, kuti mphamvu ya malasha isatayike. Liwiro lake la masiku onse linali makilomita pafupifupi 26 pa ola, loti mnyamata wa kabaza wamphamvu atha kuyenda nalo limodzi pa msewu wa tala. Poyamba inalibe n'komwe kalasi yoyamba. Inali ndi malo a anthu 200 a kalasi yachiwiri ndi 1,500 a kalasi yachitatu, kuphatikiza zipinda zoziziritsa zonyamuliramo nyama pobwerera ku Ulaya.

Pansi penipeni pa sitimayo, kumene wokwera aliyense sankafikako, kunali amuna amene ankaiyendetsadi. Ena ankatapa malasha m'nkhokwe n'kuwakankha pa wilibala, ena ankawaponya m'ng'anjo ndi fosholo n'kumachotsa phulusa. Ankagwira maola anayi, kupuma asanu ndi atatu, kubwereranso, m'kutentha ndi fumbi lakuda, ulendo wonse. Tiwakumbukire anthu amenewa, chifukwa tikumana nawo kawiri kutsogoloku.

Ulendo wa ku Fiume

Ntchito imene Carpathia inakhalitsa nayo inali ya ku nyanja za Adriatic ndi Mediterranean. Pa nthawiyo ufumu wa Austria-Hungary unali ndi anthu a mitundu yambiri, Ahangare, Asilovaki, Akroati, Aromaniya, Ayuda ndi ena, ndipo ambiri anali alimi opanda minda yokwanira. Ankamva kuti ku migodi ya malasha ya ku Pennsylvania ndi ku mafakitale a zitsulo a ku Pittsburgh ndi Cleveland munthu amalandira pa tsiku ndalama zimene kwawo ankazigwirira masiku angapo. Ambiri ankadutsira ku Hamburg ndi Bremen, ndipo ndalama za matikiti zinkapita kwa Ajeremani. Boma la Hungary linafuna kuti anthu ake azinyamukira pa doko lakelake la Fiume, umene lero ndi mzinda wa Rijeka ku Croatia, kuti liziwawerenga komanso kuti phindu lina litsale kwawo. Mu 1904 linapangana ndi Cunard kuti ndiyo izinyamula anthuwo. Ajeremani sanaonerere, anatsitsa mitengo, Cunard nayo inatsitsa, ndipo chaka chimenecho matikiti a kalasi yachitatu anagwa mtengo kwambiri mpaka makampaniwo anagwirizananso.

Mu 1905 anaikonzanso Carpathia mkati kuti igwirizane ndi msika umenewu. Anaikamo malo a anthu 100 a kalasi yoyamba, a kalasi yachiwiri anakhalabe 200, koma a kalasi yachitatu anafika 2,250. Manambalawa akunena okha amene ankalipira malasha. Popita ku New York inkanyamula anthu ku Fiume ndi Trieste, n'kuima m'madoko a Italy monga Naples, Messina ndi Palermo, kudutsa Gibraltar, kenako kuwoloka Atlantic. Ulendowo unkatenga milungu yoposa iwiri, n'chifukwa chake ena ankakondabe njira ya ku Germany. Pobwerera, zipinda zapamwamba zinkadzaza ndi Aamerika opita kukaona Italy ndi kukaothera dzuwa, pamene pansi munkakhala osamuka aja amene asonkhanitsa kandalama ndipo akubwerera kwawo kukagula munda, kapena amene zawakanika. Anthu obwerera anali ambiri kuposa mmene nkhani za America zimanenera.

Kalasi yachitatu ya pa Carpathia inali yabwinopo poyerekeza ndi sitima zakale zimene anthu ankangounjikidwa. Munali chipinda chodyera chokhala ndi matebulo, chipinda cha amayi, cha osuta fodya, ndi malo ofoleredwa oyendamo kunja kukaipa. Sikuti eni kampani anali ndi mtima wachifundo kuposa anzawo. Wosamuka akafika ku America ankalembera abale ake kalata, ndipo kalatayo ndiyo inkasankha sitima imene m'bale wotsatira adzakwere. Panalinso lamulo. Ku New York, a kalasi yoyamba ndi yachiwiri ankafunsidwa mafunso m'sitima momwemo n'kutsika, koma a kalasi yachitatu ankatengedwa kupita pa chilumba cha Ellis Island, chimene chinatsegulidwa mu 1892. Kumeneko madokotala ankawatembenuza zikope kufufuza nthenda ya maso ya trachoma, n'kulemba ndi choko pa chovala cha aliyense wokayikitsa. Wokanidwa ankabwezedwa kwawo pa ndalama za kampani imene yamubweretsa. Okanidwa anali pafupifupi awiri pa 100 alionse, koma mu 1907 mokha pa chilumbacho panadutsa anthu oposa miliyoni imodzi, ndiye awiri pa 100 sanali ochepa. Pofuna kupewa zimenezi kampani inkayeza anthu asanakwere, ndipo m'sitima munkakhala madokotala olankhula zinenero za okwerawo. Mu 1912 Carpathia inali ndi atatu: Mngerezi, Mtaliyana ndi Mhangare. Ogwira ntchito ambiri m'zipinda zodyera anali ochokera ku Fiume ndi midzi yozungulira.

Usiku wa pa 14 Epulo 1912

Kaputeni Arthur Rostron, wa zaka 42, anali atangoyamba kuyendetsa Carpathia mu Januwale chaka chomwecho. Pa 11 Epulo ananyamuka ku New York kulowera ku Mediterranean ndi anthu pafupifupi 740, kutanthauza kuti malo ambiri a kalasi yachitatu anali opanda munthu. Titanic, imene inali yaikulu kuposa Carpathia katatu n'kupitirira, inkabwera kuchokera ku Southampton pa ulendo wake woyamba, ndipo inagunda chiphiri cha madzi oundana nthawi ya 11:40 usiku wa pa 14.

Masiku amenewo wailesi ya pa sitima sinkaonedwa ngati chida chopulumutsira moyo. Oigwiritsa ntchito anali antchito a kampani ya Marconi, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kutumiza mauthenga olipira a okwera. Sitima yaing'ono inkakhala ndi munthu mmodzi, akagona ndiye kuti sitimayo yagontha. Wa pa Carpathia anali Harold Cottam, mnyamata wa zaka 21. Nthawi yake yogona inali itakwana, ndipo anali akuvula, koma zomvera zinali zikadali kumakutu. Anaganiza zouza anzake a pa Titanic kuti siteshoni ya wailesi ya ku Cape Cod, ku America, ili ndi mauthenga awo. Yankho la Jack Phillips, wa wailesi wa pa Titanic, linali loti abwere msanga, agunda madzi oundana, ndipo anapereka malo amene anali. Nthawi inali cha m'ma 12:25. Sitima ina, Californian, inali pafupi kwambiri kuposa Carpathia, itaima chifukwa cha madzi oundana omwewo, koma wa wailesi wake, Cyril Evans, anali atazima makina n'kugona. Evans sanalakwe lamulo lililonse, ndipo Cottam akanagona mphindi zochepa m'mbuyomo sakanalakwanso.

Cottam ndi mmodzi wa akuluakulu a sitimayo, Horace Dean, analowa m'chipinda cha Rostron osagogoda. Malinga ndi umboni wa Rostron mwiniwake, iye analamula kaye kuti sitima itembenuke, kenako ndi pamene anafunsa mnyamatayo ngati wamvetsadi. Atawerengera pa mapu anapeza kuti mtunda unali mamailosi a panyanja 58, makilomita pafupifupi 107, ulendo wa maola anayi.

Zimene analamula m'mphindi zotsatira ndizo zimaphunzitsidwa mpaka lero. Anadzutsa onse osonkhezera moto, ngakhale amene inali nthawi yawo yopuma, kuti ng'anjo zonse zilandire malasha osalekeza. Anatseka nthunzi yotenthetsera zipinda ndi madzi osamba kuti yonse ipite ku injini. Okwera ena anadzidzimuka ndi kuzizira, ndi kunjenjemera kwa sitima imene sinkanjenjemera chotero. Anaika anthu oonjezera kutsogolo kuti aziyang'ana madzi oundana. Zipinda zitatu zodyera anazisandutsa zipatala: dokotala Frank McGee ku kalasi yoyamba, Mtaliyana uja ku yachiwiri, ndipo Árpád Lengyel wa ku Hungary ku yachitatu. Anakonzeratu makwerero a zingwe, mipando yokokera ofooka, matumba a phulusa okwezeramo ana, magetsi m'mbali mwa sitima, mafuta othira panyanja ngati mafunde akule, mabulangete, tiyi, khofi ndi msuzi wotentha. Okwera a kalasi yachitatu anawasonkhanitsa mbali imodzi kuti mabedi ena atsalire obwerawo. Anauzanso antchito kuti zonsezi zichitike mwakachetechete, okwera asadzaze m'njira.

Tikayang'ana mndandandawu tiona kuti palibe chimene chinachita kupangidwa usiku umenewo. Mabedi ochuluka, mabulangete ochuluka, miphika yophikira anthu zikwi ziwiri, madokotala atatu ndi antchito olankhula zinenero zosiyanasiyana, zonsezi zinalipo chifukwa inali sitima ya osamuka kwawo imene ikubwerera yosadzaza. Nzeru za Rostron zinali kuona msanga chimene ali nacho m'manja n'kuchiika pamalo pake nthawi isanathe.

Pa za liwiro pali kukokomeza. Kwa zaka zambiri zinkanenedwa kuti Carpathia inafika pa makilomita oposa 31 pa ola, liwiro limene injini zake sizinapangidwire. Chiwerengerochi chinapezeka pogawa mtunda wa mamailosi 58 uja ndi nthawi imene anayenda. Koma pamene Robert Ballard ndi Jean-Louis Michel anapeza mabwinja a Titanic mu 1985, zinaoneka kuti malo amene Titanic inalengeza anali olakwika ndi mamailosi pafupifupi 13, ndipo mabwato anali pafupi ndi Carpathia kuposa mmene Rostron ankaganizira. Ndiye kuti liwiro lenileni linali locheperapo. Ine ndikuona kuti izi sizichotsa kanthu pa ulemu wake. Choopsa sichinali nambala ya liwiro. Choopsa chinali kuthamangitsa sitima yokhala ndi anthu oposa 1,000, kuphatikiza antchito, kulowa mumdima m'dera lomwelo limene langovulaza sitima yaikulu kuposa zonse, n'kumakhota kuzemba ziphiri za madzi oundana zimene zinkaoneka ndi kuwala kwa nyenyezi kokha. Akanagunda, lero tikanamutcha wosasamala.

Cha m'ma 2:40 anaona kuwala kobiriwira patali. Anayamba kuphulitsa maroketi kuti amene ali m'madzi alimbe mtima, osadziwa kuti Titanic inali itamira kale nthawi ya 2:20. Anafika 4 koloko, ndipo bwato loyamba, la nambala 2, linali ndi Joseph Boxhall, mmodzi wa akuluakulu a Titanic, amene ankayatsa kuwala kobiriwira kuja. Iyeyu ndiye anauza Rostron kuti sitima yapita. Kutacha anaona ziphiri za madzi oundana zoposa 20 zitawazungulira, ndi mabwato atamwazikana pa mtunda wautali. Kutola onse kunatenga maola anayi. Bwato lomaliza, la nambala 12, lodzaza mpaka m'milomo, linafika cha m'ma 8:30 likuyendetsedwa ndi Charles Lightoller.

Rostron anawerenga opulumuka 705. Mawerengedwe ena apambuyo pake amati 712. Omwalira anali pafupifupi 1,500, ndipo ambiri mwa iwo anafa ndi kuzizira kwa madzi pasanathe ola, kotero kuti ngakhale Carpathia ikanathamanga motani sikanawapeza amoyo. Mwa a kalasi yoyamba ya Titanic anapulumuka pafupifupi atatu pa asanu alionse. Mwa a kalasi yachitatu, mmodzi pa anayi. Dokotala Lengyel analandira otsala a anthu ofanana ndi amene Carpathia inkawanyamula ku Fiume ulendo uliwonse.

Kenako panali funso la kopita. Halifax inali pafupi, koma njira yake inali ya madzi oundana. Kupitiriza ulendo kukafika ku zilumba za Azores kukanakomera okwera a Carpathia, koma chakudya ndi nsalu sizikanakwana. Sitima ya Olympic inadzipereka kudzatenga opulumukawo, Rostron anakana: Olympic inali yofanana ndi Titanic ngati mapasa, ndipo kuuza amayi amene angoferedwa kuti atsikirenso m'mabwato kukakwera chithunzi cha sitima imene yamira kukanakhala nkhanza. Anabwerera ku New York. M'njira okwera anapereka zipinda zawo, amayi anasoka zovala za ana kuchokera ku mabulangete, ndipo mitembo inayi inaikidwa m'nyanja. Bruce Ismay, mkulu wa White Star Line, amene anapulumuka, anadzitsekera m'chipinda cha dokotala McGee ulendo wonse.

Pa nkhani ya wailesi panabuka mkangano umene unafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya America. Cottam, mothandizidwa ndi Harold Bride, wa wailesi wina wa pa Titanic, amene mapazi ake anali atavulala ndi chisanu, ankatumiza maina a opulumuka ndi mauthenga a mabanja usana ndi usiku, osayankha mafunso a atolankhani. Ngakhale sitima yankhondo ya Chester, imene Pulezidenti wa America William Taft anaituma kukafunsa za mthandizi wake Archibald Butt, amene anali pa Titanic, sinapeze yankho lokhutiritsa. Dziko linakhala masiku atatu likudya mphekesera. Atafika ku New York, anyamata awiriwo anagulitsa nkhani zawo ku nyuzipepala ya New York Times, akuluakulu a Marconi akudziwa, ndipo aphungu ofufuza ngoziyo anafunsa ngati kukhala chete kuja sikunali kosungira msika. N'zotheka kuti zonse ziwiri n'zoona: anali otopa zedi ndi ntchito yofunika, komanso ndalamazo anazilandira.

Carpathia inalowa m'doko la New York usiku wa pa 18 Epulo kukugwa mvula. Inayamba yapita pa Pier 59, malo a White Star, kukatsitsa mabwato 13 a Titanic amene inanyamula, kenako inakaima pa Pier 54 ya Cunard, pamene panali khwimbi la anthu. M'mawa mwake Rostron anapereka umboni ku hotela ya Waldorf-Astoria pamaso pa Seneta William Alden Smith. Pa 20 Epulo sitimayo inanyamukanso ulendo wake wa ku Mediterranean uja, pakuti matikiti anali atagulidwa kale ndipo ku Fiume anthu ankadikira.

Itabweranso kumapeto kwa Meyi, komiti ya opulumuka, motsogozedwa ndi Margaret Brown, inapatsa Rostron chikho cha siliva, ndipo aliyense wogwira ntchito m'sitimamo analandira mendulo: akuluakulu za golide, apakati za siliva, ena onse za mkuwa, kuphatikizapo aja anaponya malasha usiku wonse. Nyumba ya malamulo ya America inapatsa Rostron mendulo yake ya golide. Pambuyo pake iye anayendetsa Mauretania, analandira ulemu wa Sir mu 1926, ndipo anamwalira mu 1940. James Bisset, amene anaima kutsogolo kuyang'ana madzi oundana usiku uja, anadzayendetsa Queen Mary ndi Queen Elizabeth pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Woperekera zakudya wina, Josip Car, anatenga jekete lopulumukira la pa Titanic n'kupita nalo kwawo, ndipo lero lili m'nyumba yosungiramo zakale za panyanja ku Rijeka. Malamulo nawo anasintha: America inakhwimitsa za wailesi mu 1912 momwemo, ndipo msonkhano wa ku London unatulutsa pangano la chitetezo cha panyanja lotchedwa SOLAS mu 1914, lofuna mabwato okwanira aliyense ndi wailesi yosagona, komanso unakhazikitsa gulu lolondera madzi oundana la International Ice Patrol.

Nkhondo

Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka, Britain ndi Austria-Hungary zinakhala adani, ndipo Fiume ndi Trieste anasanduka madoko a mdani. Msika umene Carpathia inakonzedwera unatha. Inabwerera ku njira ya Liverpool, kunyamula katundu, ndipo kenako asilikali a Canada ndi America opita ku Ulaya. Mabedi a osamuka kwawo anakwanira bwino asilikali, kungoti tsopano anthu ankayenda chobwerera. Mmodzi mwa amene anaikwera mu Disembala 1917 anali Frank Buckles, mnyamata amene ananama zaka kuti alowe usilikali. Iyeyu anadzakhala womaliza kumwalira mwa Aamerika onse amene anali asilikali pa nkhondoyo, mu 2011, ali ndi zaka 110.

Nyanja inali itasanduka manda. Sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinamiza Lusitania pa 7 Meyi 1915, Californian mu Novembala chaka chomwecho, ndi Ivernia pa 1 Januwale 1917. Kuyambira Febuluwale 1917 Germany inalengeza kuti imiza sitima iliyonse yopezeka m'madzi ozungulira Britain popanda chenjezo, ndipo Britain inayankha poyendetsa sitima m'magulu operekezedwa ndi zankhondo. Njirayi inachepetsa kwambiri kumira kwa sitima, koma operekezawo sankawoloka nyanja yonse nthawi zonse, ndipo sitima yoyenda makilomita 26 pa ola, ya chumuni chachitali chooneka patali, inali yosavuta kuilondola.

Pa 15 Julayi 1918 Carpathia inanyamuka ku Liverpool kupita ku Boston pansi pa Kaputeni William Prothero, ili ndi okwera 57 ndi antchito 166. M'mawa wa pa 17, cha m'ma 9:15, ili makilomita pafupifupi 190 kumadzulo kwa thanthwe la Fastnet kumwera kwa Ireland, sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi, U-55, inaiombera mabomba awiri oyenda m'madzi otchedwa torpedo. Imodzi inaphulikira kuchipinda cha injini n'kupha anthu asanu: atatu oponya malasha m'ng'anjo ndi awiri owakankha pa wilibala. Palibenso wina anafa. Prothero anatsitsa mabwato mwadongosolo, U-55 inaomberanso kachitatu, ndipo cha m'ma 11 koloko sitimayo inamira. Kunali kutatsala miyezi yosakwana inayi kuti nkhondo ithe.

Anthu 218 amene anali m'mabwato anali ndi chifukwa choopera pamene U-55 inatumphuka n'kuyamba kuwayandikira. Woiyendetsa, Wilhelm Werner, ndi amene mu 1917 anamiza sitima ya Torrington, n'kuimika antchito ake pamwamba pa sitima yake, kenako n'kulowa pansi pa madzi iwo ali pomwepo. Nkhondo itatha anafunidwa kuti akayankhe mlandu, anathawira ku Brazil, ndipo pambuyo pake anadzalowa gulu la SS la chipani cha Nazi. Tsiku limenelo sitima yankhondo yaing'ono ya HMS Snowdrop inatulukira ikuombera, U-55 inathawa, ndipo onse anatoledwa kupita ku Liverpool. Mabwinja a Carpathia anapezeka mu 2000 ndi a NUMA, bungwe la ku America lofufuza mabwinja a sitima, ili chiimire pansi pa nyanja pa kuya kwa mamita pafupifupi 150.

Ikanapulumuka nkhondo, ntchito yake yakale sikanaipezanso. Ufumu wa Austria-Hungary unasweka mu 1918, Hungary inatsala yopanda doko, ndipo Fiume inakanganiridwa mpaka inagwera m'manja mwa Italy mu 1924. America nayo inatseka chitseko. Lamulo la 1921 linaika malire a anthu olowa kuchokera ku dziko lililonse, ndipo la 1924 linawachepetsanso, mwadala, pofuna kuletsa a kumwera ndi kum'mawa kwa Ulaya. Makampani anayamba kusandutsa malo a kalasi yachitatu kukhala a ophunzira ndi alendo oyenda motchipa, ndipo Saxonia, yotsala yokha pa zitatu zija, inagulitsidwa kuti iphwanyidwe mu 1925. Pansi pa lamulo la 1924, dziko la Italy linkaloledwa kutumiza anthu 3,845 pa chaka, ndipo Hungary 473 okha, pamene Carpathia inali ndi malo a anthu 2,250 a kalasi yachitatu pa ulendo umodzi.